Diso Lopenya m'Kati mwa Mtolo pa Malire a Dedza

Pamene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana mu 1891 kuti malire awo adzatsata mtunda umene ugawa madzi, ena kutsikira ku Nyanja ya Malawi, ena kunka ku Zambezi, sanafunse Achewa a ku Chongoni, amene makolo awo anajambula zoyera m'mapanga a chinamwali, ngakhale Angoni a ku Domwe; kotero anthu a fuko limodzi anadzuka ali m'maiko awiri, ndipo mtolo wa munthu wokacheza kwa atsibweni ake unasanduka chinthu chofunsidwa ndi boma.

Kwa zaka zambiri ntchito yofunsayo inali ya manja. Pa chipata cha Dedza, moyang'anana ndi Calomue, wa kasitomu ankamasula zingwe, kuvundukula lona, kupisa dzanja m'thumba ndi kununkhiza. Akakayika, lole yonse inkatsitsidwa katundu, mwini wake ali chilili kuyang'ana mitambo, poopa kuti mvula ya kumapiri ingamunyowetsere ufa ndi nsalu.

Koma mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mu 1895, ku Würzburg m'dziko la Germany, Wilhelm Röntgen anapeza kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa ekisire, kumene kupyola mnofu koma kulephera pa fupa, najambula dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete zikuonekera. Madokotala anayamba kuugwiritsa ntchito ulusowu msanga. Alonda ambiri a m'zipata anachedwa, kufikira pamene kulanda ndege m'mlengalenga kunachititsa America kulamula kuti kuyambira mu 1973 katundu wa m'manja wa aliyense wokwera ndege aziunikidwa. Kuno kwathu bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, nalonso linadzatenga makina ounikira katundu ndi ekisire.

Kagwiridwe kake n'koyenera kukamvetsa, pakuti ambiri amayesa matsenga. Mbali imodzi muli chotulutsa kuwala kwa ekisire, kuli kopyapyala ngati nsalu yotchinga pakhomo. Mbali inayo muli mzere wa tizida tolandira kuwalako. Katundu akamadutsa pakati, chitsulo chokhuthala chimameza kuwala kochuluka, thonje ndi shuga zimameza pang'ono, ndipo kompyuta, posonkhanitsa zotsalazo mzere ndi mzere, imaumba chithunzi cha zonse za m'kati. Makina a zikwama amayeza ndi mphamvu ziwiri, nasiyanitsa zinthu ndi mitundu: chakudya, nsalu ndi mankhwala zioneka zofiirira ngati lalanje, zitsulo zioneka zabuluu. A makontena ndiwo amphamvu koposa, pakuti ayenera kupyola makoma a chitsulo, ndipo n'chifukwa chake malowo amatchingidwa kuti anthu asayandikire.

Komabe makina aonetsa mthunzi chabe. Munthu wokhala pa kompyuta ndiye ayerekeza mthunziwo ndi zolembedwa m'mapepala a katundu, kuti ngati mwalembedwa feteleza koma pakati paoneka mabokosi, alamule kuti lole itsegulidwe. Ndipo ine ndiona kuti mphotho ya wamalonda woona mtima, yosamutsitsa katundu pachabe, idalira diso ndi chikumbumtima cha munthu ameneyo. Tikumbukirenso kuti kuchokera ku Dedza kunka ku Ntcheu msewu wa M1 uyenda m'mphepete mwenimweni mwa malire, ndipo ku Lizulu amayi a mbali zonse ziwiri amagulitsa kachewere ndi kabichi pa msika umodzi, atadza ndi madengu pamutu m'tinjira ta kumunda, m'mene mulibe chipata.