Cape Town: Mzinda Umene Udayamba Ngati Dimba

Chaka ndi chaka alendo ochokera m'maiko osiyanasiyana amakhamukira ku Cape Town, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere kumwera kwa dziko la South Africa. Zimene zimawakoka n'zodziwika: phiri la Table Mountain, lathyathyathya pamwamba ngati tebulo ndiponso lotalika mamita oposa 1,000, magombe a mchenga woyera kuti mbee, ndi minda ya mphesa ya ku Constantia, Stellenbosch ndi Franschhoek. Mlendo wapaulendo amajambula zithunzi n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Koma wophunzira mbiri yakale akafika kumeneko ayenera kudzifunsa kuti kodi minda yokongolayi adailima ndani, nanga eni nthaka adalowera kuti.

Azungu asanafike, m'tsinde mwa phirili munkakhala Akhoekhoe, anthu oweta ng'ombe ndi nkhosa, amene ankasamukasamuka potsata msipu. Bartolomeu Dias, Mpwitikizi, adazungulira nsonga ya Africa mu 1488, ndipo kuyambira pamenepo sitima zopita ku India zinkaima padokopo kutunga madzi ndi kugula nyama. Malondawo sankatha bwino nthawi zonse. Mu 1510 Francisco de Almeida, mkulu wa Apwitikizi amene ankachokera ku India, adaphedwa pagombe pamodzi ndi anthu ake oposa 50 atayambana ndi eni dziko pa nkhani ya ziweto. Apwitikizi adatengerapo phunziro, nayamba kumaima ku Mozambique m'malo mwake.

Amene adadzakhazikika ndi Adatchi. Pa 6 April 1652 Jan van Riebeeck adafika ndi sitima zitatu, atatumidwa ndi kampani ya zamalonda ya Dutch East India Company. Sadamutume kudzamanga mzinda ayi. Ntchito yake idali yotsegula dimba la ndiwo zamasamba ndi zipatso, chifukwa amalinyero ambiri ankafa paulendo ndi nthenda yotupitsa nkhama, yobwera chifukwa chosowa zakudya zaziwisi. Chigawo cha dimba limenelo chilipobe pakati pa mzinda, ndipo chimatchedwa Company's Garden. Lero anthu amapumulamo pansi pa mitengo n'kumadyetsa agologolo.

Dimba lidachepa msanga. Mu 1657 kampani idamasula antchito ake ena kuti akhale alimi paokha m'mbali mwa mtsinje wa Liesbeek, pamalo pomwe Akhoekhoe ankadyetsa ziweto zawo. Nkhondo idabuka mu 1659, ndipo itatha Van Riebeeck adabzala mpanda wa mitengo kuti ukhale malire. Mbali ina ya mpandawo imaonekabe m'munda wa maluwa wa Kirstenbosch, ngakhale alendo ambiri amangoudutsa osadziwa chimene akuona. Mtsogoleri wina wa Akhoekhoe, Autshumato, amene ankamasulira chinenero pakati pa anthu ake ndi azungu, adatsekeredwa pachilumba cha Robben Island mu 1658. Choncho chilumba chija chidayamba kale kusunga atsogoleri a anthu akuda, zaka 300 Nelson Mandela asanapondepo. Chimene nkhondo idasiya chidamalizidwa ndi nthomba ya mu 1713, imene idapulula Akhoekhoe ochuluka zedi. Otsala ambiri adasanduka abusa a ziweto za anthu omwe adawalanda msipu.

Tsono tifike pa mphesa. Vinyo woyamba adafinyidwa ku Cape pa 2 February 1659. Bwanamkubwa Simon van der Stel adakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, ndipo mu 1685 adatsegula munda wake wa Constantia, umene vinyo wake wotsekemera adadzatchuka mpaka m'nyumba za mafumu a ku Ulaya. Mu 1688 kudafika Afalansa othawa mazunzo achipembedzo kwawo, ndipo chigwa chimene adakhalamo ndicho Franschhoek. Maina amenewa ndi amene mlendo amamva poyendera minda. Koma mphesa imafuna manja ambiri: kukumba, kudulira, kupalira, kukolola ndi kuponda. Manja amenewo adali a akapolo.

Gulu lalikulu loyamba la akapolo lidafika mu 1658. Ambiri mwa iwo adali ana a ku Angola amene Adatchi adalanda m'sitima ya Apwitikizi. Kuchokera chaka chimenecho mpaka 1808 akapolo pafupifupi 63,000 adabweretsedwa kuchokera ku India, kuzilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique. Wogula ankafufuta dzina la munthu n'kumupatsa lina, kawirikawiri la mwezi umene wamugula. N'chifukwa chake mpaka lero ku Cape Town mumapezeka mabanja otchedwa January, September kapena October. M'minda yakale yambiri mudakali kansanja koyera kokhala ndi belu, ndipo alendo amakonda kujambulitsa atatsamira pamenepo. Belu limenelo linkaitana akapolo kuntchito mbandakucha. Ine ndimaona kuti kansanja kameneka kamaphunzitsa zambiri kuposa nyumba yaikulu ya bwana imene ili pambali pake.

Nkhani ina yotikhudza ife a kuno idachitikira pagombe la Clifton, limene lero ndi la anthu olemera. Mu December 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José idanyamuka pachilumba cha Mozambique ndi akapolo pafupifupi 500, ulendo wa ku Brazil. Idagunda miyala pafupi ndi gombelo. Kapitawo ndi amalinyero ake onse adapulumuka, koma akapolo oposa 200 adamira, mtunda ukuoneka. Opulumukawo sadamasulidwe: adagulitsidwa kwa alimi a ku Cape. Tikumbukire kuti misika ya kugombe la Mozambique inkalandira anthu ogwidwa kutali m'kati mwa dziko, ndipo njira za amalonda a minyanga ndi akapolo zinkafika mpaka kuchigwa cha Zambezi ndi kumadera ozungulira nyanja ya Malawi. Zotsalira za sitimayo zidadziwika kudziko lonse mu 2015, ndipo pamwambo wokumbukira omirawo dothi lochokera ku Mozambique lidathiridwa m'nyanja pamalo pomwepo.

Angerezi adalanda Cape mu 1795, naibweza mu 1803, n'kuilandanso mu 1806. Ukapolo udathetsedwa pa 1 December 1834, koma omasulidwawo adakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo zaka zina zinayi. Ngakhale pambuyo pake analibe munda wawowawo, kotero ambiri adatsalira m'minda ya mphesa momwemo. Kumeneko kudali chizolowezi choipa cholipira wantchito mbali ina ya malipiro ake ndi vinyo, kangapo patsiku. Munthu womwa chotere sachoka pamunda, ndipo safunsa za malipiro. Lamulo lidaletsa mchitidwewu m'zaka za m'ma 1960, koma m'minda ina udapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo mabanja ambiri a m'zigwazo adakali kulimbana ndi uchidakwa ndi matenda a ana obadwa kwa amayi omwa ali ndi pakati.

Doko nalo lili ndi mbiri imene Mmalawi sayenera kuiphonya. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira m'boma la Nkhata Bay mu 1896 ndipo wophunzira ku Livingstonia, adafika ku Cape Town mu 1918. Chaka chotsatira adayambitsa bungwe la apantchito la Industrial and Commercial Workers' Union pakati pa anthu otsitsa ndi kukweza katundu m'sitima. Mu December 1919 antchitowo adanyanyala ntchito pafupifupi milungu iwiri pofuna malipiro abwino. Pofika 1927 bungwelo lidali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo padali pasanakhale bungwe lina la anthu akuda lalikulu chotero m'dzikomo. Lidadzagawanika chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi kusayenda bwino kwa ndalama, ndipo Kadalie adamwalira ku East London mu 1951. Mbali yakale ya dokolo tsopano ndi malo a masitolo ndi malesitilanti otchedwa V&A Waterfront, ndipo mabwato opita ku Robben Island amanyamukira pamenepo.

Ulamuliro wa tsankho utakhwima kuyambira 1948, mzindawu udagawidwa potsata khungu. Magombe abwino adaikidwa zikwangwani zoti ndi a azungu okha, mpaka mu 1989 pamene Archbishop Desmond Tutu adatsogolera anthu kukaponda mchengawo poyera, apolisi ndi agalu awo akuyang'ana. Lamulo la zikwangwanizo lidafafanizidwa mu 1990. Chilonda chachikulu ndi District Six, dera la m'tsinde mwa phiri momwe zidzukulu za akapolo, Amwenye, Ayuda ndi anthu akuda ankakhalira limodzi. Pa 11 February 1966 boma lidalengeza kuti deralo ndi la azungu. Nyumba zidagumulidwa, kusiya matchalitchi ndi mizikiti yokha, ndipo anthu oposa 60,000 adakatayidwa ku Cape Flats, chidikha cha mchenga ndi mphepo kutali ndi ntchito zawo. Padapita zaka 24 zenizeni, ndipo pa 11 February 1990 Mandela adatuluka m'ndende ya Victor Verster, imene ili pakati pa minda ya mphesa pafupi ndi Paarl, nakalankhula kwa khamu la anthu pakhonde la City Hall.

Wokwera pamwamba pa Table Mountain, kaya wapansi kaya m'kagalimoto koyenda pazingwe kamene kadayamba mu 1929, amaona zonsezi nthawi imodzi: doko, chilumba, ndi malo apululu a District Six amene mbali yake yaikulu sidamangidwebe. Ena mwa osamutsidwa aja adabwezeredwa nyumba kuyambira mu 2004, koma ambiri adamwalira akudikira. Mu District Six Museum, imene idatsegulidwa mu 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist, muli mapu aakulu oyalidwa pansi, ndipo amene ankakhala m'deralo adalembapo ndi manja awo maina a mabanja awo pamalo pomwe padali nyumba zawo.