Chambo

Chambo (dzina): nsomba za mtundu wa Oreochromis zopezeka mwachilengedwe m'nyanja ya Malawi, imene ku Mozambique amaitcha Niassa, komanso m'nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire. Ana ake amatchedwa kasawala.

Yaimuna imakumba chisa chonga mbale pamchenga wa pansi pa madzi. Yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa, choncho ikakodwa mu khoka nyengo yoswana, mbumba yonse imathera pomwepo. Ku Malombe chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokolola kasawala. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe la IUCN linaika mitundu iwiri ya chambo, Oreochromis lidole ndi Oreochromis squamipinnis, m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Pofuna kuchiteteza, Malawi amaletsa makoka m'nyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, ndipo makomiti a m'midzi ya kugombe amalanda zida zoletsedwa. Mozambique inakhazikitsa malo otetezedwa kumbali yake ya nyanjayi mu 2011.