Mapesi a mapira ndi udzu wa mumpunga: zomwe ndinatola ku Makhanga

Anzanga a kunyanja, werengani kaye mpaka pansi musanatumize kwina.

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anandiitana ku Makhanga, m'boma la Nsanje, kukakonza injini ya boti, poti nthawi imeneyo kunkafikika pamadzi basi. Ntchito ya tsiku limodzi inadya sabata, sipeya kusowa. Ndinkagona kwa agogo ena omwe ali ndi munda ku sikimu ya mpunga ya Muona, ija inatsegulidwa nthawi ya Kamuzu. Ine ndimati adandaula za madzi osefukira. Ayi ndithu, usiku ulionse nkhani inali udzu: aganyu akwera mtengo, mankhwala a m'sitolo osagulika, msana nawo watha.

Nditabwerera kwathu ndinayamba kufufuza pafoni. Kalekale zida za mlimi wa mpunga zinali ziwiri: kudzaza madzi m'munda kuti udzu ubanike, ndi kuzula wotsalawo pamanja. Mankhwala a m'botolo ndi adzulodzuloli. Otchuka aja a 2,4-D anayamba kugulitsidwa nkhondo yachiwiri itangotha. Koma mu 1937 katswiri wa ku Austria, Hans Molisch, anali atalemba kale zoti zomera zina zimatulutsa mankhwala ofooketsa zinzake zomera pafupi.

Apa mpamene nkhani inandikoka. M'zaka za m'ma 1990, pa yunivesite ya zaulimi ku Faisalabad, Pakistan, Zahid Cheema ndi anzake anatenga mapesi okhwima a mapira. Kuwaduladula, kuwaviika maola 24, kilo imodzi m'malita 10 a madzi, kusefa, kenako kupopera. Madziwo anawatcha sorgaab, ndipo anawayesa pa tirigu, thonje ndi mpunga womwe. Musanamizidwe, udzu sunafe wonse. Unkachepa cha pakati pa gawo limodzi mwa atatu ndi theka, nchifukwa chake pambuyo pake ankasakaniza madziwo ndi mankhwala a m'sitolo ochepetsedwa muyezo. Komabe tangoganizani, aise: kuchigwa cha Shire mapira ndi chakudya cha makolo, ndipo mapesi ake amangodyedwa ndi ng'ombe kapena moto.

Ine monga mwana wa msodzi pena ndinaima kaye. Katupe nayenso ndi chomera, koma tonse tikudziwa zomwe amachita akathiridwa padziwe: nsomba yaikulu ndi yaing'ono yomwe kuyandama. Madzi otuluka m'minda ya kumeneko amathera m'madambo a Shire, momwe anzathu amaphamo milamba. Ndiye wina akati "zachilengedwe" ine sindiwomba m'manja msanga, ngakhale mapira ndi katupe n'zosiyana kutali.

Ndinawaimbira agogo aja kudzera pafoni ya mdzukulu wawo. Anaseka, akuti mwana wa kunyanja wayamba liti kuphunzitsa za mpunga. Kenako anafunsanso kuti malita angati paja. Tinagwirizana kuti ayese pakangodya kamodzi ka munda, kwinako azule monga mwa masiku onse, ndipo madzi a pakangodyako asawatsegulire mungalande tsiku lomwe apopera.