Kabokosi Komwe CD Idalephera Kupha

Mukalumikiza gumbagumba molunjika ku chokuzira mawu cha masiku ano, nyimbo imamveka ngati udzudzu wolira m'botolo: kamawu kakutali, kopyapyala, kopanda besi. Singano ilibe mlandu. Chasowa ndi kabokosi kotchedwa phono preamplifier, komwe anthu ena amakasaka pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito n'kulipira ndalama zoti munthu angagulire galimoto.

Galamafoni ya Emile Berliner, ya m'chaka cha 1887, sinkafuna zonsezi. Singano inkanjenjemera, lipenga n'kukuza mawu, basi. Magetsi adalowa m'ntchito yojambula nyimbo mu 1925, ndipo Columbia itatulutsa mbale ya LP mu 1948, funso lidali lakuti nyimbo zambiri zikwana bwanji pambale imodzi. Besi amafuna mzere wotakata, ndiye amadya malo. Akatswiri adayamba kumuchepetsa podula mbale, n'kukweza mawu ang'onoang'ono kuti aphimbe kuswaswata kwa pulasitiki. Poyimba mbaleyo pankafunika chida chobwezera zonse m'malo mwake.

Tsoka lake, kampani iliyonse inkachita zake. Columbia inali ndi muyeso wake, Decca wake, RCA wakenso, moti zida za nthawi imeneyo, monga McIntosh C8, zidadzaza ndi timaswitchi toti mwini azisintha malinga ndi mbale yomwe waika. Mu 1954 bungwe la RIAA ku America lidakhazikitsa muyeso umodzi, wotengera wa RCA. Ngakhale makampani ena adachedwa kuutsata, ndi womwewo ukugwira ntchito lero, ndipo apa ndi pomwe pagona mtengo wa zida zakalezi. Foni ya zaka khumi ndi chinyalala, koma Marantz 7 ya mu 1958, yokhala ndi mavalavu asanu ndi imodzi a 12AX7, imayimba mbale yodindidwa chaka chino mosaphonya kanthu. N'chifukwa chake imagulitsidwabe madola masauzande angapo.

Kukuza mawuko nakonso si ntchito yamasewera. Mutu wa singano wa mtundu wa MM umatulutsa mphamvu pafupifupi mamilivoti 5. Wa mtundu wa MC, monga Denon DL-103 yomwe idapangidwira wayilesi ya NHK ku Japan m'ma 1960, umatulutsa pafupifupi 0.3, ndipo pamafunika kuukuza ka 1,000. Chida chosapangidwa bwino chimakuza nyimbo pamodzi ndi phokoso lake lomwe.

Kwa zaka zambiri gawo limeneli linkabisala m'kati mwa chokuzira mawu chilichonse, kuseri kwa kabowo kolembedwa kuti phono. Kenako mu 1982 kudabwera CD. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 idali itaposa LP pamalonda, ndipo makampani adayamba kuchotsa kabowo kaja kuti achepetse ndalama zopangira. Mmene ndikuonera, msika womwe tikukambawu udakula chifukwa cha zimenezi. Amene adakana kutaya mbale zawo adakakamizika kugula kabokosi kapadera, ndipo amisiri a timakampani ting'onoting'ono adapezapo mpata. Ku California, John Curl adapanga zida za Vendetta Research, zomwe zilipo zochepa ndipo sizikhalitsa zikaikidwa pamalonda. Ku England, Tim de Paravicini adatulutsa EAR 834P m'ma 1990, kachida ka mavalavu atatu komwe amisiri akhala akukatengera mpaka lero.

Kale zida zoterezi zinkagulitsidwa m'masitolo olandira chakale posinthanitsa ndi chatsopano, kapena kudzera m'timalonda ta kumapeto kwa magazini. Msika wa pa intaneti wa eBay utayamba mu 1995, ndi Audiogon pambuyo pake, wogulitsa wa ku Osaka adayamba kukumana ndi wogula wa ku Manchester. Mbale zitabwereranso m'fasho, mpaka kuposa CD pa chiwerengero ku America mu 2022 kwa nthawi yoyamba chichokere mu 1987, ofuna zidazi adachuluka.

Ogula ndi ogulitsa ali ndi mkangano umodzi wosatha: kodi chida chakale chikonzedwe kapena chisiyidwe mmene chidatulukira kufakitale? Makapasita amauma akakalamba, ndipo wofuna kumvera nyimbo amati asinthidwe. Wosunga zakale akangoona mtovu watsopano m'kati amatsitsa mtengo nthawi yomweyo. Ine ndili mbali ya womvera, poti chida chong'ung'uza sichisangalatsa ngakhale chikhale chosakhudzidwa. Pamavalavu ndiye pali ukathyali weniweni: a Telefunken ndi Mullard akale ndi okwera mtengo, choncho ena amadinda mayinawo pa mavalavu wamba. Odziwa amatembenuza valavu ya Telefunken n'kuyang'ana kachizindikiro ka daimondi kowumbidwa m'galasi pakati pa timiyendo take, poti utoto ungakopedwe koma galasi ayi.

Wogula wochenjera amapempha zithunzi za m'kati, amafunsa za bokosi lomwe chidacho chidabweramo, ndipo akapeza mpata amachiyatsa popanda mbale, n'kukweza voliyumu, khutu pa sipika. Amawerenganso kalemba ka kumbuyo pafupi ndi chingwe. Cha ku Japan chimafuna mavoti 100, cha ku America 120, pomwe soketi ya ku London kapena ku Blantyre imapereka 230.