Chifundo

Pa Chichewa, chisoni timachimva koma chifundo timachichita. N'chifukwa chake timati "wandichitira chifundo". Chisoni chimatha kuthera mumtima, munthu n'kungopukusa mutu, pamene chifundo chimafuna manja. Namwino akatembenuza gogo amene wagonera mbali imodzi usiku wonse, kapena dokotala akakoka mpando n'kukhala pansi asanatchule zotsatira za magazi, mawuwa amakhala kuti afika pake.

Poti chimachitika, chimaoneka, ndipo anthu ayesa kuchipima. Ku Scotland, Stewart Mercer ndi anzake anakonza mafunso 10 otchedwa CARE, amene wodwala amayankha akangotuluka m'chipinda cha dokotala: kodi anakumvetserani? Anakufotokozerani momveka? Anakuonani ngati munthu wathunthu, kapena anangoona matenda okha? Ku Philadelphia kunachokera muyeso wina, wa Jefferson, wa mfundo 20, koma pamenepo dokotala amadziyankhira yekha.

Ine mtima wanga uli pa wa ku Scotland uja. Dokotala angathe kumva chisoni chenicheni n'kudzipatsa malikisi ambiri, chonsecho wodwala watuluka asakudziwa chimene chikumudwalitsa ngakhale kamwedwe ka mankhwala amene wapatsidwa.