Matiyirumu ndi zakudya za m'mbali mwa msewu ku Nyanja ya Chiuta

Nyanja ya Chiuta ili m'malire a Mozambique ndi Malawi: kum'mawa kuli boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, kumadzulo kuli boma la Machinga. Ndi nyanja yosazama. Madzi ake amapita kumpoto ku Nyanja ya Amaramba, komwe kumachokera mtsinje wa Lugenda.

Mlendo wofuna khofi kuno angavutike. Chakumwa cha m'mawa ndi tiyi, ndipo malo ake ndi tiyirumu, imene ena amaitcha baraka potengera Chipwitikizi. Kawirikawiri ndi kanyumba ka udzu kapena malata, benchi, tebulo limodzi ndi ketulo yosachoka pamoto. Masamba a tiyi amachokera mbali zonse ziwiri, ku Gurúè m'chigawo cha Zambézia komanso ku Thyolo ndi Mulanje. Asodzi amafika mbandakucha akamatsika m'mabwato, kenako ogula nsomba ndi a njinga za katundu. Pabenchi pomwepo ndi pamene munthu amamva mtengo wa nsomba ndi wa nandolo, ndi kuti lero kwacha ikusinthidwa bwanji ndi metikali.

Chomwera tiyi chimaonetsa malire amenewa. Kuchokera ku Mozambique kuli pau, buledi wamng'ono wolimba kunja, ndi bajiya. Bajiya amapangidwa ndi khobwe: amamuviika m'madzi, kuchotsa makoko, kumusinja pamodzi ndi mchere ndi adyo, n'kukazinga m'mafuta. Woika bajiya awiri m'kati mwa pau amalima mpaka masana osadandaula njala. Zodziwika mbali zonse ndi mandasi, chigumu, ndi zitumbuwa za nthochi zakupsa zosakaniza ndi ufa wa chimanga. Thobwa amaphika ndi phala la chimanga ndi chimera.

Pamadoko chachikulu ndi nsomba: makumba okazinga, mlamba wowamba ndi matemba ouma. Chinangwa chokazinga, mbatata yophika ndi chimanga chootcha zimabwera ndi nyengo yake. Tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya zimapezeka kwambiri m'malo a malonda monga Insaca, likulu la boma, ndi Entre-Lagos, pamene njanji yochokera ku Nacala kudzera ku Cuamba imawolokera ku Nayuchi. Poti ogula ambiri ndi Asilamu, ndi bwino kufunsa kuti nyamayo yazingidwa ndi ndani, ndipo wogulitsa wanzeru sakwiya nalo funsoli.

Vuto lalikulu la malonda awa ndi madzi. Mliri wa kolera umene unavuta ku Malawi unayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho unabuka ku Niassa, m'boma la Lago. Chakudya chochoka pamoto nthawi yomweyo sichiopsa kwenikweni. Choopsa ndi kapu yotsukidwa m'beseni limodzi kuyambira m'mawa, thobwa losungunulidwa ndi madzi a m'nyanja, ndi zitumbuwa zosavundikira zimene ntchentche zateramo. Kusamba m'manja m'beseni limodzi, ngakhale kuti ndi mwambo, kumafalitsa matendawa. Madzi azichita kuthirirana, ndi sopo.

Ogulitsa amene amathira Certeza kapena WaterGuard m'madzi, kapena kuwawiritsa, amateteza ogula ndiponso mpamba wawo, chifukwa kolera ikabuka a zaumoyo amatha kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika, ndipo mayi wa zitumbuwa amakhala pakhomo mpaka mliri utatha.