Sipana ndi Inshuwalansi: Mbiri ya Magalimoto ndi Njinga Zamoto Zaliwiro ku Britain

Chizolowezi chogula galimoto kapena njinga yamoto n'kuyisintha kuti izithamanga kuposa mmene inatulukira ku fakitale chatha zaka pafupifupi 100 ku Britain. Chinakulira limodzi ndi lamulo la inshuwalansi, ndipo ziwirizi zakhala zikukokana kuyambira pachiyambi. Mwini galimoto amafuna mphamvu, mkokomo ndi maonekedwe akeake, pomwe kampani ya inshuwalansi imawerengera ndalama zimene mphamvuyo idzadye tsiku la ngozi. Magalimoto ndi njinga zimene achinyamata a kumeneko anazikonda m'badwo ndi m'badwo zinasankhidwa ndi kukokana kumeneku mofanana ndi mmene zinasankhidwira ndi mainjiniya.

Galimoto yaliwiro ya munthu wamba inabadwira m'galaji. M'zaka za m'ma 1920, Cecil Kimber, yemwe ankayendetsa Morris Garages mumzinda wa Oxford, anayamba kutenga magalimoto a Morris opangidwira mabanja, kuwatsitsa kuti ayandikire pansi, kuwonjezera mphamvu ya injini ndi kuwaveka bodi yopepuka. Apa ndi pamene panachokera dzina la MG, ndipo mu 1929 ntchitoyi inasamukira ku Abingdon, kumene inakhala mpaka 1980. Amene analibe ndalama zogulira MG ankathamangira Austin Seven, kagalimoto kotsika mtengo kamene kanatuluka mu 1922. Kakakalamba kankagulidwa motchipa, bodi yake n'kutayidwa, mwiniwake n'kukhoma ina ya malata opyapyala. Mu 1939 okonda ntchitoyi anakhazikitsa 750 Motor Club, dzina lochokera pa kukula kwa injini ya kagalimotoka. Mmodzi mwa anthu amene anadzera njira imeneyi ndi Colin Chapman, amene mu 1948 anasandutsa Austin Seven yakale kukhala Lotus yoyamba.

Inshuwalansi ya galimoto inalipo kale koma inali ya ofuna. Ku Lloyd's ku London, kumene anazolowera inshuwalansi ya sitima zapamadzi, pangano loyamba la galimoto linalembedwa mu 1904 ndipo galimotoyo anaitenga ngati sitima yoyenda pamtunda. Zinthu zinasintha ndi lamulo la Road Traffic Act la 1930, limene linakakamiza woyendetsa aliyense kukhala ndi inshuwalansi yolipira munthu wina amene wamuvulaza. Lamulo lomwelo linachotsa malire a liwiro a mamailosi 20 pa ola amene magalimoto ang'onoang'ono ankayendera. Mu 1934 anthu oposa 7,000 anafa pa misewu, ndipo chaka chotsatira boma linaika malire a mamailosi 30 m'matauni komanso mayeso a oyendetsa. Mu 1946 panabwera Motor Insurers' Bureau, bungwe lopereka chipukuta misozi kwa amene agundidwa ndi woyendetsa wopanda inshuwalansi, ndipo ndalama zake zimachokera kwa onse olipira inshuwalansi. Kuyambira nthawi imeneyo liwiro la munthu mmodzi linakhala nkhani ya m'thumba mwa aliyense.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, chinthu chaliwiro chimene mnyamata wogwira ntchito m'fakitale akanatha kugula chinali njinga yamoto, kawirikawiri ya ngongole yolipira pang'onopang'ono. Makampani a Triumph, BSA ndi Norton anali pachimake. Anyamatawa ankasonkhana pa malo odyera a madalaivala a malole, chifukwa ankatsegula usiku wonse, tiyi anali wotchipa ndipo panali makina oimba nyimbo ukaponyamo ndalama. Otchuka kwambiri anali Ace Cafe, pa msewu wa North Circular ku London, amene anatsegulidwa mu 1938, anaphulitsidwa ndi bomba pankhondo, n'kumangidwanso mu 1949. Cholinga cha aliyense chinali kufika mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 160. Imasimbidwa kwambiri nkhani yakuti munthu ankaika nyimbo m'makina aja, kulumphira panjinga, kukazungulira pamalo ogwirizana n'kubwerera nyimboyo isanathe.

Njinga yochokera kusitolo sinkakwanira ntchito imeneyi, choncho inkavulidwa. Mahandulo aatali ankachotsedwa, m'malo mwake n'kumanga timahandulo tiwiri tatifupi pa mafoloko a kutsogolo, pansi kwambiri moti wokwera ankagona chafufumimba pathanki. Popondera mapazi pankasunthidwira kumbuyo, mpando wa anthu awiri unkasinthidwa ndi wa munthu mmodzi wokhala ndi kachitumbu kumbuyo, thanki inkakhala yaitali ya aluminiyamu yopukutidwa mpaka kuwala, ndipo mapaipi a utsi ankapindidwira m'mwamba kuti asakhule phula pokhota. Chilichonse chosathandiza liwiro chinkasiyidwa pakhonde. Njinga zotere ndi zimene zinatchedwa café racer.

Luso lalikulu linaonekera pa njinga yotchedwa Triton, imene palibe fakitale inaipanga. Norton inali ndi fulemu yabwino koposa, yotchedwa Featherbed, imene inakonzedwa ndi abale a McCandless a ku Belfast ndipo inayamba kupambana mipikisano mu 1950. Inkagwira msewu bwino pokhota ngakhale pa liwiro lalikulu. Triumph nayo inali ndi injini ya masilinda awiri ya 650cc yosavuta kuwonjezera mphamvu, ndipo zipangizo zake zinkapezeka paliponse. Amakaniko a kuseri kwa nyumba anaona kuti injini ya Triumph ikhoza kukhala mu fulemu ya Norton atadula zitsulo zatsopano zoimangirira. Zotsatira zake zinaposa makolo ake onse awiri. Ntchito ya anyamata amenewa iyenera kulemekezedwa, chifukwa ndi sipana ndi fayilo anakonza chinthu chimene makampani awiri akuluakulu, aliyense pokakamira dzina lake, sanachikonze.

Mtengo wake unalipidwa ndi miyoyo. Matayala ndi mabuleki a nthawiyo zinali zotsalira kumbuyo kwa injini, ndipo ambiri ankakwera opanda chisoti. Nyuzipepala zinawatenga anyamatawa ngati zigawenga za pamsewu. Amene anawayandikira ndi wansembe wa Anglican, Bill Shergold, yemwenso ankakwera njinga yamoto. Mu 1962 anapita ku Ace kukawaitanira kutchalitchi, ndipo kalabu ya achinyamata ya mpingo ku Hackney Wick, yotchedwa 59 Club, inasanduka imodzi mwa makalabu akuluakulu a njinga zamoto padziko lonse.

Boma linayankha ndi malamulo, ndipo lamulo lililonse linabala mtundu watsopano wa njinga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ophunzira analetsedwa kukwera njinga yoposa 250cc. Mu December 1965 panaikidwa malire a mamailosi 70 pa ola m'misewu yonse imene inalibe malire. Ace inatsekedwa mu 1969, chaka chimene Honda CB750 ya ku Japan inafika pamsika ili ndi masilinda anayi, buleki ya disiki ndi sitata yamagetsi, ikuthamanga kwambiri popanda mwiniwake kudetsa manja. Chisoti chinakhala chokakamiza mu 1973. Ana a zaka 16 atapanikizidwira ku tinjinga ta 50cc tokhala ndi zopalasira, Yamaha inatulutsa FS1-E, yokhala ndi zopalasira zongokwaniritsa lamulo koma yothamanga ndithu, mpaka mu 1977 boma linaika malire a mamailosi 30 pa tinjinga totere. Makampani a ku Japan atapanga njinga za 250cc zoyandikira mamailosi 100, monga Suzuki X7 ndi Yamaha RD250LC, ophunzira anatsitsidwiranso ku 125cc mu 1983, msinkhu wa njinga zambiri za kabaza.

Kumbali ya magalimoto, msonkho ndi umene unatsegula njira. Lotus Seven ya 1957 inkagulitsidwa ili zidutswazidutswa kuti wogula akalumikize yekha kunyumba, chifukwa zipangizo sizinkalipira msonkho umene galimoto yathunthu inkalipira. Mwayi umenewu unatha mu 1973 pamene msonkho wa VAT unayamba, ndipo chaka chomwecho Lotus inagulitsa ufulu wopanga galimotoyi kwa kampani ya Caterham, imene ikuipangabe. Mini Cooper ya 1961 inaonetsa kuti kagalimoto kopitira kumsika kakhoza kupambana mpikisano wa Monte Carlo, monga kanachitira mu 1964, 1965 ndi 1967.

Nzeru imeneyi inafika pachimake m'zaka za m'ma 1980. Volkswagen Golf GTI ya 1976 inatsatiridwa ndi Ford Escort XR3 mu 1980 ndi Peugeot 205 GTI mu 1984: magalimoto a banja, okhala ndi mipando yakumbuyo ndi malo a katundu, koma a injini yolusa. Anagulidwa mwaunyinji, ndipo mbava nazo zinawakonda. Maloko a nthawiyo ankagonja ndi sikuludiraiva. Achinyamata ankaba magalimotowa pongofuna kuwathamangitsa usiku n'kuwasiya atagunditsa kapena atawotcha, ndipo mu 1991 mchitidwewu unabweretsa zipolowe ku Blackbird Leys, dera la mumzinda wa Oxford. Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango cha otenga galimoto ya eni n'kuchita nayo ngozi.

Chimene chinapha magalimotowa ndi cholembera cha kampani ya inshuwalansi. Ku Britain galimoto iliyonse inkaikidwa m'gulu potengera mtengo wake, mphamvu yake, mtengo wa zipangizo, nthawi yoikonza ikagundidwa ndi kulimba kwa maloko ake. Kafukufuku wa zimenezi amachitika ku Thatcham, malo amene makampani a inshuwalansi anakhazikitsa mu 1969. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 magulu anawonjezedwa kuchoka pa 9 kufika pa 20, ndipo magalimoto aliwiro anakwezedwa m'mwamba. Ford Escort RS Cosworth ya 1992 inaikidwa m'gulu lomaliza, moti achinyamata ena a m'mizinda ankauzidwa mtengo wa inshuwalansi woyandikira mtengo wa galimotoyo, ena n'kukanidwa kumene. Malonda anagwa. Pofika 1994 Peugeot 205 GTI inasiya kupangidwa ndipo Ford inachotsa zilembo za XR pa magalimoto ake, poti zilembozo zokha zinkakweza inshuwalansi. Panali kupanda chilungamo pang'ono pamenepa, chifukwa mwini galimoto wosamala analipira mlandu wa mbava ndi wa fakitale yopanga maloko ofooka. Komabe chitsenderezo chomwecho ndi chimene chinakakamiza opanga magalimoto kulimbitsa chitetezo, ndipo kuyambira 1998 galimoto yatsopano iliyonse imayenera kukhala ndi chipangizo choletsa injini kulira popanda kiyi yake.

Achinyamata atalephera kugula mphamvu anagula maonekedwe. Magazini ya Max Power, imene inatuluka kuyambira 1993 mpaka 2011, inatchukitsa magalimoto a injini zazing'ono monga Vauxhall Nova ndi Citroën Saxo ovekedwa marimu aakulu, mabampa otsika, magalasi akuda ndi masipika odzaza buti. Citroën inagulitsa ma Saxo ambiri polonjeza inshuwalansi yaulere kwa wogula yatsopano, umboni woti inshuwalansi inali itaposa china chilichonse pa maganizo a wogula wachinyamata.

Apa ndi pamene nkhani ya kuulula zosintha inakula. Mtengo wa inshuwalansi umawerengedwa potengera galimoto monga inatulukira ku fakitale, choncho chilichonse chosinthidwa chiyenera kunenedwa: pulogalamu ya kompyuta ya injini, paipi ya utsi, masipuling'i, marimu, ngakhale utoto. Zosintha zowonjezera mphamvu zimakweza mwayi wa ngozi, zokongoletsa zimakopa akuba ndi kukweza mtengo wokonzera. Lamulo la 2012, limene linayamba kugwira ntchito mu April 2013, linasiyanitsa wonama mwadala ndi wolakwitsa mosasamala. Wonama mwadala akhoza kufafanizidwa pangano lonse osabwezeredwa kanthu, pomwe wosasamala amalipiridwa mochepera, molingana ndi ndalama imene akanalipira akananena zoona. Munthu wogundidwayo amalandirabe chipukuta misozi chake, koma kampani ikhoza kukalonjerera ndalamazo kwa mwini galimoto.

Popeza makampani akuluakulu ankakana magalimoto osinthidwa, panabadwa ena oona za okonda magalimoto okhaokha, monga Adrian Flux amene anayamba mu 1973 ku Norfolk, ndi Carole Nash amene anayamba mu 1985 ndi njinga zamoto. Iwo anazindikira kuti munthu amene wathera zaka akumanga galimoto yake saiyendetsa mwachibwana. Mapangano awo amakhala ndi mtengo wogwirizana pasadakhale, wotsimikizidwa ndi zithunzi ndi malisiti, malire a mtunda woyenda pachaka, komanso lamulo lakuti galimoto izigona m'galaji yokhoma. Mamembala a makalabu amachotseredwa mtengo. Kuthamanga pabwalo la mipikisano sikulowa mu inshuwalansi wamba, ndipo kumagulidwira pangano lakelake.

Pambuyo pake magulu a inshuwalansi anafika 50, ndipo masiku ano achinyamata ambiri amavomera kuikiridwa kabokosi kolemba liwiro, kagwiridwe ka mabuleki ndi nthawi imene akuyenda kuti mtengo utsike. Galimoto yomangidwa kunyumba imayenera kuyesedwa payokha isanalowe pamsewu, ndipo ya zipangizo zosadziwika zaka imapatsidwa nambala yoyamba ndi Q. Ace Cafe inatsegulidwanso mu 2001 ndi Mark Wilsmore, ndipo imalandira makalabu a njinga ndi magalimoto pafupifupi sabata yonse. Magalimoto a zaka za m'ma 1980 amene ankatayidwa chifukwa cha inshuwalansi tsopano akugulidwa pa mtengo wokwera, makamaka amene sanakhudzidwe ndi sipana. Kuyambira mu May 2018 galimoto kapena njinga yamoto yopitirira zaka 40 siikakamizidwa kupita ku mayeso a chaka ndi chaka a MOT, pokhapokha ngati inasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazo.